Kachikwanje ndi Nazale ya a Stanislaus

Ana inu a mumphakati mwathu, ndi inu a kusukulu amene mwapatsidwa nkhaniyi kuti muwerenge, ine ndine Rabson, wokonza njinga patsinde pa mango pa Nsaru. Anthu amati mawu anga uyambe wawapeta ngati mtedza usanawadye. Sindikana. Koma nkhani iyi yokha musavutike ndi lichero, mankhusu mulibe.

Ukadutsa dambo kuchokera pa Nsaru, pali khomo la a Stanislaus ndi akazi awo a Getrude. Khomo labwino, bwalo losesedwa, kolona madzulo alionse. A Stanislaus ndi munthu woti mbuzi ya mnzawo ikalowa m'munda amaiperekeza kwawo mwaulemu ngati mlendo wasochera. A Getrude ndi aja amayambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo pakamwa pawo sipachedwa. Ana awo akuluakulu anakwatiwa. Pakhomo panatsala chitsirizira, Damiano, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4.

Mnyamatayu anali wa manja abwino. Wailesi ikafa ankaitsegula m'mimba mpaka iyankhule. Bambo ake anamulonjeza kuti fodya wa chaka chimenecho akayenda bwino, apita ku Lilongwe kukaphunzira zamagetsi.

Tsono fodya sayambira kumunda, amayambira kudimba. Mbewu yake ndi yaing'ono kuposa mchenga. Umaifesa pamabedi m'nyengo yotentha, n'kuphimba ndi udzu, ndipo malo amenewo ndiwo nazale. Kuyambira pamenepo iwe ndi keni yothirira mwakwatirana: m'mawa ndi madzulo, mpaka mbande zikule, mvula igwe, ukawokere kumunda. Nazale ikafa, chaka chafa.

Chaka chimenecho mbande za a Stanislaus zinamera bwino. Timasamba tinali tisanafike pa khutu la mbewa pamene mwini wake anagwa ndi m'mimba, matenda amene anakhala akuwabisa. Kuchipatala cha mishoni ku Namitete anati pafunika opaleshoni. A Getrude anamanga mapoto ndi ufa m'chitenje kuti akadikirire matenda.

Asanakwere galimoto, a Stanislaus anamugwira Damiano dzanja.

"Mwana wanga, sukulu yako ili kudimba uko. M'mawa dzuwa lisanatuluke, madzulo likapendeka. Ndipo usamakhulupirire udzu wapamwamba. Pisa chala m'nthaka. Chikatuluka chouma, sunathirire."

"Ndamva, ababa."

"Wamva ndi makutu onse, kapena linalo lapita kumpira?" anafunsa a Getrude.

"Onse, amayi."

Anamusiyira foni ya bambo ake, ija yosweka galasi pakona, kuti azimva za kuchipatala. A Getrude anatenga kafoni kawo kamabatani.

Masiku oyamba Damiano anagwira ntchito ngati ng'ombe yapangolo. A Felesita, amene dimba lawo ndi loyandikana, ankamupeza pachitsime iwo akungofika.

Koma foni imafuna moto, ndipo moto uli pa Nsaru.

Pafupi ndi mango anga pali kashopu ka Kingsley. Amatchaja mafoni, amameta, amaika nyimbo ndi mafilimu m'makhadi. Si mnyamata woipa mtima. Vuto lake n'loti sanaonepo munthu wotanganidwa osamumvera chisoni.

"Aise, foni imeneyi ukungoimbira basi?" anatero Kingsley. "Ukuweta ng'ombe yosakoka ngolo."

"Ndi ya ababa. Ndiponso malo mulibe, bandulo ndilibe."

"Amene ndikufuna kukupatsayu sadya bandulo, safuna netiweki. Ndi wochepa kuposa nyimbo ya kwaya. Bweretsa kuno."

Umo ndi mmene Kachikwanje kanalowera m'foni ya a Stanislaus, tcheyamani wa mphakati wathu.

Dzina lenileni la gemuyo palibe amene ankalitchula. Anyamata anangoti Kachikwanje, chifukwa ndi kamunthu konyamula chikwanje, kothamanga m'fakitale yakale yodzaza agalu achitsulo. Kunena zoona, kukongola ayi. Kamunthuko kali ngati chidole chadothi chimene mwana waumba mothamanga. Mitengo ya kumbuyo ndi mtengo umodzi womwewo wobwerezedwa. Kingsley ankati inapangidwa ndi anthu awiri okha, osauka ngati ife, m'kachipinda kena kutali uko.

Koma abale, gemu ija inapangidwa! Inenso ndinaigwirapo ndi zala zanga zagirisi, ndiye ndikunena zimene ndikudziwa.

Mabatani ndi anayi: kumanja, kumanzere, kudumpha, kutema. Sikupatsa chizungu chambiri choti uwerenge. Galu woyamba amabwera pang'onopang'ono ngati wakhuta, kuti uphunzire kutema. Wachiwiri amabwera ndi dzenje patsogolo, kuti uphunzire kudumpha. Wachitatu amafuna zonse ziwiri, ndipo umapezeka wadziwa osazindikira kuti wina amakuphunzitsa. Aphunzitsi anga a Sitandade 3 akanakhala otero, bwenzi lero ndili dokotala.

Chikwanje chikagunda chitsulo imalira kuti khwaa! Chithunzi chimagwedezeka pang'ono, ndipo umamva m'chala ngati watemadi. Komanso galu aliyense asanakudumphire, maso ake amayamba afiira. Sakubera. Ukafa umadziwa kuti wafa wekha, unaona ndipo unachedwa. Ndiye pamene ukuti utukwane, kamunthu kaja kadzuka kale pakhomo la chipinda chomwecho, chikwanje m'manja, kakukudikira. Palibe kudikira, palibe otsatsa malonda. Chala chimangopita chokha.

Pabenchi la Kingsley anyamata ankakangana tsiku lonse.

"Yabwino ndi ya Kabaza," wina ankatero. Imeneyo ndi ya njinga yamoto yothawa zigawenga, batani limodzi lokha. "Ukadina msanga wagwa, ukachedwa wagwa. Mphindi imodzi yatha, wayambanso."

"Iwe, ya Mlonda ndiye gemu. Zipolopolo amakupatsa zochepa dala, kuti uziganiza usanawombe."

"Nanga ija yokongola ngati filimu?"

"Ija imatenthetsa foni mpaka ungasitire malaya a ukwati! Ukadina lero munthu amadumpha mawa. Anawonongera ndalama pa nkhope, miyendo anaiwala."

Onse ankavomerezana chimodzi: Kachikwanje ndiye mfumu, chifukwa kumapeto kwake kuli Kapitawo, chimunthu chachitsulo chozunguza tcheni, ndipo pa Nsaru ponse panalibe amene anali atamugwetsa.

Damiano anayamba bwino. Ankathirira m'mawa, n'kubwera kudzasewera masana foni ili pamoto, dzuwa likapendeka n'kuthamangira kudimba. Koma manja abwino aja anamupereka. Posakhalitsa anapitirira anzake onse, ndipo akagwira foni anyamata ankaunjikana kumbuyo kwake ngati ntchentche pa mango.

Tsiku lina dzuwa linapendeka iye ali pakati pa nkhondo.

"Ndithamange, kudimba," anatero.

"Chipinda chimodzi chokha, aise. Wafika pamene sipanafikepo munthu."

Chipinda chimodzi chinabala china. Anafika kudimba a Felesita akutsuka mapazi kuti azipita, ndipo anathira madzi ochepa mothamanga. M'mawa mwake anati dzulo ndathirira mochedwa, nthaka ikadali yonyowa. Sanapise chala.

A Felesita anamupeza panjira.

"Damiano, pachitsime sindikukuonatu masiku ano. Wasintha nthawi kodi?"

"Ndikumabwera inu mutapita, amayi."

"Ooh. Ndiye umabwera ndi mapiko eti? Mapazi ako sindikuwaona pamatope."

Mnyamata anaseka, n'kupita pa Nsaru. Koma mtima unkamuvuta, ndipo anauza Kingsley.

"Iwe ndiye sudziwa ulimi," anatero Kingsley, amene sanagwirepo keni chibadwire. "Sunamve kuti mbande amazikhwimitsa? Amasiya dala kuthirira kuti zizolowere dzuwa. Agogo anga ankatero. Ukazinyengerera ndi madzi tsiku lililonse zimakafa kumunda. Ukuwathandiza madala ako."

N'zoona, mbande amazikhwimitsa. Damiano anali atawaonapo bambo ake akutero. Bodza loopsa ndi lija lobwereka malaya a choonadi. Mawu amenewo anamukomera ngati thobwa lozizira, ndipo sanafune kukumbukira kuti kukhwimitsa kumachitika liti.

Ine ndinamva zonsezi ndili pansi pa njinga ya munthu.

"Mphwanga," ndinatero, "wakutsina khutu ndi mnansi. Dokotala wako wa mbandeyu ngakhale mphika wa maluwa alibe."

"Madala, inu zanu ndi machubu," anayankha Kingsley, anyamata n'kuseka.

Ndinaona kuti choonadi sichikugwira ntchito, ndiye ndinatenga chida changa chozolowera. Mawa lake ndinafika wefuwefu.

"Damiano! Mbuzi zathyola mpanda, zili m'nazale mwanu!"

Anathamanga ngati kamunthu kake kaja. Mbuzi kunalibe, ndinkangofuna kuti maso ake akaone mabedi. Anakaonadi. Timasamba tinali titagona, tina titayamba chikasu. Apa mpamene akanasintha. Koma anaganiza za ulendo wa pachitsime, kupita ndi kubwera mpaka mapewa kuwawa, anaganizanso za Kapitawo amene anali atatsala pang'ono. Anatunga madzi ochepa n'kuwaza pa udzu wapamwamba, kuti wodutsa aone ngati pathiriridwa. Kenaka anabwerera pa Nsaru.

"A Rabson, ukulu wonsewu bodza?"

"Langa lakuthamangitsa kupita kudimba. Nanga lako likukuthamangitsira kuti?"

Anakhala pabenchi.

Masana ena foni inalira iye ali maso ndi maso ndi Kapitawo. Dzina linaoneka: Amayi. Ndinaona ndi maso anga chala chikukana foniyo. Inaliranso, anakananso. Atafa m'gemumo mpamene anaimba.

"Iwe, bambo ako atuluka ku opaleshoni, ndimafuna umve mawu awo. Unali kuti?"

"Pachitsime, amayi. Manja anali onyowa."

Kenaka kunamveka mawu ofooka. "Mwana wanga, mbande zili bwanji?"

"Zili bwino, ababa. Zikukula."

"Chala ukupisa?"

"Tsiku lililonse."

Ngakhale Kingsley anayang'ana kumbali.

Kuchokera tsiku limenelo Damiano anasiyiratu kupita kudimba. Sikunalinso kukoma kwa gemu kokha. Ankaopa zimene akaone. Ulesi umayamba ngati mlendo wosekerera, koma ukakhazikika umaitana mng'ono wake bodza, ndi msuweni wawo mantha.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, Damiano anazindikira chinsinsi cha Kapitawo: asanaponye tcheni amaponda pansi ndi mwendo wamanzere. Anadumpha, anatema, anadumphanso. Khwaa! Chimunthu chija chinagwa. Benchi lonse linaimirira. Anamunyamula m'mwamba, wina akuimba likhweru, Kingsley akufuula kuti mbiri yalembedwa pa Nsaru.

Ali m'mwamba choncho, minibasi inaima patsidya pa msewu. Anatsika a Getrude ndi mtolo wa mapoto, kenaka a Stanislaus, owonda, akuyendera ndodo.

"Mwana wathu wapambana mayeso kodi?" anafunsa a Getrude.

Anyamata anamutsitsa pang'onopang'ono ngati thumba la mazira.

Ine ndinakweza katundu wawo panjinga n'kuwaperekeza. Pamphambano a Getrude anakhotera kumudzi, koma a Stanislaus analoza kudambo ndi ndodo.

"Bambo a Damiano, mabala sanapole. Mukapume kaye."

"Ndikapuma ndikaona ana anga enawo."

Tinayenda pang'onopang'ono. Damiano anali kumbuyo. Mabedi a a Felesita anali obiriwira ngati nsalu ya paguwa. Titalowa m'dimba la a Stanislaus, mkuluyo anagwada movutika, n'kukankha udzu. Pansi panali tinthu takuda, topotana ngati masamba a tiyi. Anapisa chala m'nthaka. Chinatuluka ndi fumbi. Anapita pabedi lina, chimodzimodzi. Lomaliza, chimodzimodzi.

"Mayo ine!" A Getrude anagwira kumutu. "Ine kugona pasimenti kuchipatala, kuuza azimayi anzanga kuti ndili ndi mwana wamwamuna kunyumba! Manja onyowa? Ananyowa ndi chiyani, Damiano?"

"Ndimakhwimitsa, amayi," anatero ndi mawu a udzudzu.

A Stanislaus anamuyang'ana, osakwiya, ndipo kusakwiyako ndiko kunapweteka.

"Kukhwimitsa. Mwana wanga, timakhwimitsa mbande itakula ngati pensulo, mitambo itayamba kusonkhana. Kodi khanda longobadwa amaliletsa kuyamwa kuti likhwime?"

"Tifesenso, ababa. Ndithirira ine, usana wonse."

"Tikafesa lero, mbande zidzafika powokera anzathu akupalira. Ndipo mvula ikangogwa, dimba lino limasanduka dziwe. Nthawi yake inali ija."

Damiano anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana wa kumkaka.

Mawa lake masana ndinapita kukawazonda. Ndinapeza a Stanislaus pakhonde, mwana wawo ali chapatali, mutu pansi.

"Bwera nacho kuno chinthu chako," anatero mkuluyo. "Ndione chimene chadya fodya wanga."

Ndinaganiza kuti foni ithera pamwala. Koma mkuluyo anavala magalasi ake owerengera, n'kufunsa kuti adine pati. Galu woyamba, uja wokhuta, anawadya. Kamunthu kanadzuka. Anawadyanso.

"Ababa, muziyang'ana maso ake. Akafiira, dumphani."

"Ooh, amachenjeza?"

"Nthawi zonse. Ndicho chimene gemuyi imakomera. Sikubera."

"Ndiye ukafa, wolakwa ndani?"

"Wosewera yemweyo, ababa."

"Hmm. Mbande zija sizinafiire maso?"

"Zinagona masamba, ababa. Ndinaona."

A Stanislaus anaseweranso pang'ono. Anadumpha dzenje, anatema galu, khwaa! Ndinaona kumwetulira kukuthawira m'ndevu zawo.

"Anapanga ndani chimenechi?"

"Akuti anthu awiri okha. Analibe ndi ndalama zomwe."

"Ndikuona. Zokongoletsa palibe, koma chilichonse chili pamalo pake ngati chigafa cha mmisiri. Galuyu anamuyesa kangati kuti asafulumire kwambiri, asachedwenso kwambiri? Anthu amenewa ankadzuka m'mawa, mwana wanga. Nazale yawo anaithirira mpaka inakula, n'chifukwa chake yafika mpaka pa Nsaru. Iwe wadya zokolola za anthu akhama, n'kupha zako."

A Getrude anasuzumira pazenera. "Ndiye mukumuyamikira eti? Fufutani chinthucho!"

"Mayi a Damiano, mpeni ukacheka mwana sitikwirira mpeni."

Lamulungu, mphakati utakumana pakhomo pa a Felesita, Damiano anaimirira yekha popanda womukankha. Sananene kuti dzuwa linachuluka, sanatchule Kingsley. Anati: ndinachita ulesi, ndinanamiza makolo anga ali pabedi la chipatala, nazale yafa ndi ine. Anapempha kuti amene adzatsale ndi mbande akadzatha kuwokera adzawakumbukire.

Kwathu kuno mbande zotsala sitimana mnansi. Koma a Felesita ndi a Felesita.

"Tidzakupatsa. Koma mbande zimadziwa amene wazimwetsa. Keni yanga ili apo, msana wanga watopa."

Mpaka mvula inagwa, Damiano ankathirira nazale za eni ake, dimba ili m'mawa, linalo madzulo. Mapewa anatupa, zikhatho zinachita matuza. Anthu atatha kuwokera, anayenda ndi dengu kutolera zotsala: zina zazitali ngati bango, zina zofooka, mitundu yosiyanasiyana. Zinakwana kangodya kamodzi ka munda. Kotsalako anadzalamo mtedza mochedwa.

Nthawi yokolola, chigafa cha a Stanislaus chinali ndi fodya kumapeto kumodzi kokha. Mbali yotsalayo nkhuku zinkabisalamo mvula. Ku Lilongwe Damiano sanapite. Anzake awiri anapita, ndipo anawaperekeza pasiteji atanyamula zikwama zawo. Kingsley anangoti, "Pepa aise, ine ndimangonena zimene ndinamva," n'kupitiriza kumeta munthu.

Gemu ija ikadalimo m'foni. Lamulungu masana, akabwera ku Misa, a Stanislaus amakhala pakhonde ndi magalasi awo, ndipo mpaka lero galu wachitatu akuwavuta. Akatopa amaitana mwana wawo kuti awadutsitse. A Getrude amadandaula kuti tsopano ali ndi ana awiri.

Tsono ana inu, chenjezo langa ndi ili, ndipo ndilinena mosazungulira. Gemu yopangidwa bwino si Satana. Koma inapangidwa kuti uziti kamodzi kokha, kamodzi kokha, ndipo siidziwa kuti dzuwa lapendeka. Wodziwa ndiwe. Ulesi ndi tchimo, ndipo suyenda wokha: umakunamizitsa kwa mayi ako, umakukanitsa foni ya bambo ako ali pabedi. Yamba wagwira ntchito imene wapatsidwa, masewera sathawa. Kachikwanje kakafa kamadzuka pakhomo pomwepo, chikwanje m'manja. Mbande ikafa umadikira chaka chathunthu, ndipo si zonse zimene zimabweranso ngakhale chaka chitatha.

Mwezi wathawu ndinadutsa kudambo m'mamawa, ndikupita kukatenga njinga ya munthu. A Stanislaus afesanso. Ndinaona Damiano atagwada pabedi, keni ili pambali, udzu wonse uli wonyowa. Ndinafuula kuti, "Mphwanga, thamanga, Kingsley walandira gemu yatsopano, Kapitawo wabwera ndi mkazi wake!"

Sanatembenuke n'komwe. Anakankha udzu, n'kupisa chala chija chinagwetsa Kapitawo mpaka chonse chinalowa m'nthaka. Anachitulutsa, n'kuchikweza m'mwamba kuti ndione.

Chinali ndi matope.